Mel Stottlemyre: mafunso ndi mayankho pa za woponya wa New York Yankees amene zikho zinamupeza ali kochi

Mukazungulira pa kaunjika simulephera kupeza chipewa chokhala ndi zilembo N ndi Y zopiringizana. Ambiri amene amachivala sanaonerepo gemu ya baseball ngakhale imodzi, ndipo palibe mlandu. Chipewacho ndi cha timu ya New York Yankees ya ku America. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza munthu mmodzi amene anachivala pantchito kwa zaka 21, zaka 11 ali wosewera ndi zaka 10 ali kochi.

Kodi Mel Stottlemyre anali ndani?

Anabadwa pa 13 Novembala 1941 ku Hazleton, m'chigawo cha Missouri, koma anakulira ku Mabton, katauni ka alimi m'chigawo cha Washington. A Yankees anawalemba ntchito mu 1961 atawaona akusewera pa koleji ina ku Yakima. Anaponyera timu yomweyo kuyambira 1964 mpaka 1974 osasintha jezi, ndipo nambala yawo inali 30. Anapambana magemu 164, kugonja 139, nasankhidwa kasanu kukasewera gemu ya akatswiri okhaokha yotchedwa All-Star. Ali wosewera sanatenge ngakhale chimodzi chikho cha World Series, chimene akatswiri a American League ndi a National League amalimbirana pakutha kwa sizoni, wotenga n'kukhala amene wayamba kupambana magemu anayi. Atakhala kochi wa oponya anatenga zisanu: chimodzi ndi New York Mets mu 1986, zinayi ndi Yankees mu 1996, 1998, 1999 ndi 2000. Anamwalira pa 13 Januwale 2019 ku Seattle ali ndi zaka 77.

Ine baseball sindiidziwa. Woponya amachita chiyani kwenikweni?

Chilichonse pa gemuyi chimayambira m'dzanja la woponya. Iye amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba kosokedwa ndi ulusi wofiira kwa mnzake amene wanyonyomala pa mtunda wa mamita 18 ndi theka, atavala golovesi yaikulu. Patsogolo pa wowakhayo pamaima womenya wa timu inayo, chibonga chili m'manja. Woponya akufuna kuti womenyayo aphonye, kapena amenye mofooka kuti anzake m'bwalomo autole mpira n'kumutulutsa. Akatuluka omenya atatu, matimu amasinthana. Zikatero mbali zonse ndiye kuti chatha chigawo chimodzi, chimene amachitcha inning, ndipo gemu imakhala ndi zigawo 9. Chigoli chawo amachitcha run, ndipo chimabwera wosewera akazungulira malo anayi oimapo otchedwa ma base n'kufikanso pamene anamenyera. Amene amaonera cricket aona kale kufanana kwake ndi bowler, kungoti woponya wa baseball sathamanga ndipo mpira wake sugunda pansi.

Timu iliyonse mu ligi yaikulu imasewera magemu 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku ndi tsiku. Palibe mkono umene ungapirire zimenezo, choncho oponya oyamba gemu amasinthana. M'masiku a Stottlemyre ankasinthana anayi, aliyense kupuma masiku atatu. Masiku ano amasinthana asanu.

Pali nambala imodzi yoti muisunge chifukwa ibweranso. Amaitcha ERA, ndipo imanena ma run amene woponya amalola pa zigawo 9 zilizonse, osawerengera amene abwera chifukwa mnzake walakwitsa. Ikakhala yochepa ndiye bwino. Yosafika pa 3 ndi ya katswiri. Ya a Stottlemyre, pa zaka zonse 11, inali 2.97.

Anayamba bwanji kusewera mu ligi yaikulu?

Anangoponyedwa pamoto. Mu Ogasiti 1964 Yankees, imene manijala wake anali Yogi Berra, inali pampanipani ndi Baltimore Orioles komanso Chicago White Sox, ndipo oponya ake anali atatheratu. Anaitanitsa mnyamata wa zaka 22 kuchokera ku timu yawo yaing'ono ya ku Richmond. Pa miyezi iwiri yotsalayo mnyamatayo anapambana magemu 9, kugonja atatu okha, ERA yake 2.06. Yankees inatenga ligi ya American League poposa White Sox ndi gemu imodzi yokha, kotero si kukokomeza kunena kuti pakanapanda iwo sikanafika.

Ku World Series anakumana ndi St. Louis Cardinals. Whitey Ford, mkulu wa oponya a Yankees, anadwala mkono pa gemu yoyamba osabwereranso, ndiye katundu yense anagwera mlendo uja. Anaponya katatu, ndipo katatu konseko amene ankaponyera mbali inayo anali Bob Gibson, munthu amene omenya a nthawi imeneyo ankamuopa ngati mkango. Gemu yachiwiri a Stottlemyre anaiponya yonse, Yankees kupambana 8-3. Yachisanu anachoka atagwira zigawo 7, Cardinals n'kudzapambana m'chigawo choonjezera. Ya nambala 7, yothetsa makani, onse awiri anaiyamba atapuma masiku awiri okha. Gibson anapirira mpaka mapeto, a Stottlemyre anatha mphamvu msanga, ndipo Cardinals inatenga chikho pa 7-5.

Aliyense ankati mwanayu abweranso kuno chaka chamawa. Pajatu Yankees inali itafika ku World Series zaka zisanu zotsatizana. Sanabwererekonso ali wosewera.

Nanga ngati anali katswiri chotere, zikho zinawalambalala bwanji?

Anafika kuphwando anthu akutsuka mbale. Mwa omenya otchuka a timuyi, Mickey Mantle mawondo anali atatha, Roger Maris anali wovulalavulala, Ford anali kukalamba, ndipo kumatimu aang'ono sikunkatulukanso osewera olowa m'malo mwawo. Kampani ya wailesi ya CBS inagula timuyi mu 1964 koma sinathe kuidzutsa. Mu 1966 Yankees inathera pansi penipeni pa matimu 10, zimene zinali zisanachitike chiyambire 1912. Chaka chimenecho a Stottlemyre anagonja magemu 20, chonsecho chaka chapitacho anali atapambana 20.

Woponya sangapambane ngati anzake sakumenya. Angathe kulola run imodzi yokha gemu yonse, koma timu yake ikapanda kugoletsa, m'buku amalemba kuti iye ndiye wagonja. Zotere zinawachitikira kambirimbiri. Mu 1972 anagonja magemu 18 ERA yawo ili 3.22, nambala imene pa timu yomenya bwino ikanawapatsa mbiri ina. Ngakhale zinali choncho anapambana magemu 21 mu 1968 ndi 20 mu 1969. Kuyambira 1965 mpaka 1973, zaka 9 zotsatizana, chaka chilichonse ankaponya zigawo zopitirira 250, ndipo mu 1969 anafika 303. Magemu 152 anawaponya okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pa magemu 40 timu inayo sinaone run ngakhale imodzi. Lero woponya akafika zigawo 200 pa chaka amamuimbira m'manja.

Chowawa kwambiri n'chakuti atangochoka, timu inadzuka. Yankees inabwerera ku World Series mu 1976 n'kutenga zikho mu 1977 ndi 1978.

Kodi chida chawo chinali liwiro?

Ayi. Chida chawo chinali mpira umene amautcha sinker. Woponya amaika zala ziwiri motsatira misoko iwiri ya mpira, ndipo akauponya umapita ngati wowongoka, koma ukayandikira womenya umatsika mwadzidzidzi. Womenyayo amaugunda pamwamba, mpira n'kumangokwawa pansi kupita kwa osewera amene ali pafupi. Woponya wotere safuna kuti omenya aziphonya. Amafuna aumenye msanga koma moipa. Womenya mmodzi angatuluke ndi mpira umodzi kapena iwiri, pamene womuphonyetsa amafunika itatu kapena kuposa. N'chifukwa chake ankatha kumaliza magemu ochuluka chotere.

Maganizo amenewa, akuti sunga mkono ndipo anzako m'bwalo agwireko ntchito, anapita nawo ku ukochi. Anawathandiza kwambiri, komanso anawabweretsera mlandu umodzi umene tiukamba m'munsimu.

Akuti ankathanso kumenya. N'zoona?

Mwa apo ndi apo, koma zikachitika zinkakhala zokumbukika. Nthawi imeneyo woponya ankamenyanso ngati wina aliyense. Mu Sepitembala 1964, posewera ndi Washington Senators, anamenya bwino maulendo asanu pa gemu imodzi. Pa 20 Julayi 1965, posewera ndi Boston Red Sox, anamenya mpira anzawo atatu ali kale pa ma base. Mpirawo sunatuluke m'bwalo, unangogubuduzika kutali, ndipo onse anayi, iwo omwe, anathamanga kuzungulira mpaka kugoletsa. Kwa woponya zimenezi zimachitika kamodzikamodzi kwambiri.

Chinathetsa kusewera kwawo n'chiyani?

Phewa. Mu Juni 1974, ali ndi zaka 32, anang'ambika minofu imene imagwira fupa la mkono kuti lizizungulira bwino m'phewa, imene madokotala amaitcha rotator cuff. Anayesa kubwerera chaka chomwecho koma zinakanika. Chaka chotsatira anapita kokonzekera sizoni ali ndi chiyembekezo, ndipo malinga ndi mmene iwo eni ankafotokozera, akuluakulu a timu anali atawauza kuti asathamange, ali ndi nthawi yoti phewa lipole. Kumapeto kwa Malichi 1975 anangouzidwa kuti ntchito yatha.

Kuti mumvetse ululu wake, onani nthawi. Masiku amenewo wosewera analibe ufulu wosankha timu. Kontrakiti inkamumanga ku timu imodzi mpaka timuyo itamugulitsa kapena kumutaya, ndipo malipiro ankakhala otsika. Lamulo limeneli linagwa kumapeto kwa 1975, ndalama n'kuyamba kusefukira. Miyezi itatu a Stottlemyre asanachotsedwe, Yankees yomweyo, imene George Steinbrenner ndi anzake anali ataigula mu 1973, inali itasainitsa woponya Catfish Hunter kontrakiti ya zaka zisanu ya ndalama zopitirira madola 3 miliyoni. Munthu amene anasenza timu pa zaka za njala anatuluka pakhomo nkhokwe ikutsegulidwa. Anakwiya, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 anakhala patali ndi timuyi.

Bwanji sanachitidwe opaleshoni ngati mmene oponya amachitira masiku ano?

Opaleshoni yotchuka ija ndi ya chigongono, si ya phewa. Mu Sepitembala 1974, chaka chomwecho a Stottlemyre anavulala, dokotala Frank Jobe anachita kwa nthawi yoyamba opaleshoni yoika mtsempha wina m'chigongono cha woponya Tommy John wa Los Angeles Dodgers. John anabwerera mu 1976 n'kuponya mpaka 1989, ndipo opaleshoniyo imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Phewa ndi lovuta kuposa pamenepo, chifukwa limazungulira mbali zonse ndipo minofu ingapo imagwirira pamodzi. Mu 1974 kung'ambika kotere kunali kutha kwa ntchito basi. Ngakhale lero woponya wovulala phewa amakhala ndi nkhawa kuposa wovulala chigongono.

Analowa bwanji ukochi?

Anayambira kwawo. Timu ya Seattle Mariners itakhazikitsidwa mu 1977, inawalemba kuti azizungulira m'matimu ake aang'ono kuphunzitsa oponya achinyamata. Ntchito yotere ilibe ulemerero. Umayenda m'matauni ang'onoang'ono, kuonera ana amene ambiri a iwo sadzafika ku ligi yaikulu. Komatu n'kumene munthu amaphunzira kufotokoza ndi pakamwa zimene thupi lake linkangochita lokha, ndipo apa ndi pamene akatswiri ambiri akale amalepherera. Anagwira ntchitoyi mpaka 1981, chaka chimene mwana wawo wamng'ono, Jason, anamwalira ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 11. Anayamba apuma. Mu 1984 Davey Johnson, amene anali atangopatsidwa umanijala wa New York Mets, anawatenga kukhala kochi wa oponya. Bwalo la Mets linali Shea Stadium, lomwe lija Yankees inkabwereka mu 1974 pamene bwalo lake linkakonzedwa.

Kochi wa oponya amagwira ntchito yanji, popeza manijala alipo?

Manijala amalamulira timu yonse. Kochi wa oponya amayang'anira gulu la anthu 12 kapena 13, mofanana pang'ono ndi kochi wa magoloboyi pa mpira wamiyendo, kungoti gulu lakelo ndi pafupifupi theka la timu. Pa baseball makochi amavala yunifomu ngati osewera, nambala kumsana, ngakhale ali ndi imvi.

Ntchito yambiri imachitika anthu asakuona. Pakati pa gemu ndi gemu woponya amayeserera pambali, kochi ataima kumbuyo kwake kuyang'ana kumene phazi likutera, pamene dzanja likusiyira mpira, ngati phewa likutseguka msanga. Kusintha kwa masentimita ochepa kumachititsa mpira kuphonya malo. Gemu isanayambe amakhala pansi ndi woponya komanso wowakha kukambirana omenya a timu inayo mmodzimmodzi: uyu amakonda mpira wam'mwamba, uyu amathamangira woyamba. Gemu ili mkati amawerenga mipira imene yaponyedwa, amaimba foni kumalo kumene oponya olowa m'malo amatenthetsera thupi, ndipo amauza manijala ngati mkono wa munthu watopa.

Chimene anthu amaona ndi ulendo wa ku kachulu. Woponya akasokonezeka, kochi amatuluka n'kuyenda pang'onopang'ono kukalankhula naye. Lamulo limati akapitako kawiri m'chigawo chimodzi kwa woponya yemweyo, woponyayo achoke, choncho ulendo woyambawo ndi wamtengo. Nthawi zina amanena za kaimidwe, nthawi zina amangofuna kuti munthu apume, mtima ukhale pansi. Amene anaphunzitsidwa ndi a Stottlemyre amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti anali munthu wofatsa, wosakalipa, wodziwa kuti wina amafuna kulimbikitsidwa pamene wina amafuna kungomusiya. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mu mzinda ngati New York, mmene manyuzipepala amakudya wamoyo ukalakwitsa kamodzi, khalidwe limenelo linali la mtengo kuposa luso la zala.

Ku Mets zinayenda bwanji? Ndipo n'zoona kuti anamuononga Dwight Gooden?

Anakhalako zaka 10, kuyambira 1984 mpaka 1993. Anapeza gulu la anyamata: Dwight Gooden, Ron Darling, Sid Fernandez, kenako Bob Ojeda ndi David Cone. Mu 1986 Mets inapambana magemu 108 n'kugonjetsa Boston Red Sox pa World Series imene inafika gemu ya nambala 7. Mu 1988 Cone anapambana 20, kugonja atatu.

Za Gooden ndiye mlandu uja. Mu 1984, ali ndi zaka 19, anaphonyetsa omenya 276. Mu 1985 anapambana magemu 24, kugonja anayi, ERA yake 1.53, n'kulandira mphoto ya Cy Young ya woponya wopambana onse. Pokonzekera 1986 a Stottlemyre anamulimbikitsa kuti asamadalire kuphonyetsa kokha, aphunzirenso mpira wotsika kuti azitulutsa omenya ndi mipira yochepa. Chaka chimenecho Gooden anachitabe bwino, anapambana 17 n'kuphonyetsa 200, koma sanabwererenso pamlingo wa 1985. Otsatira Mets ena mpaka lero amati kochi anakonza chinthu chosaonongeka.

Ine ndimaona kuti mlanduwu amaukulitsa. Mnyamatayo anaponya zigawo zopitirira 276 ali ndi zaka 20, katundu amene timu iliyonse lero singalole. Omenya anali atayamba kumuzolowera, n'kusiya kuthamangira mpira wake wam'mwamba. Ndipo mu 1987 anayamba sizoni ali kuchipatala chothandiza anthu osiya mankhwala ozunguza bongo. Kochi amene phewa lake linatha ali ndi zaka 32 akaona mwana akuponya chotero, n'zomveka kuti aganize zosunga mkono. Mwina malangizowo sanamuyanje Gooden, zimenezo n'zotheka, koma si ndiwo anali gwero la mavuto ake. Awiriwa anadzakumananso ku Yankees, ndipo pa 14 Meyi 1996 Gooden anaponya gemu yonse ndi Seattle popanda womenya aliyense kumenya mpira womufikitsa pa base, a Stottlemyre ali pabenchi.

Anabwerera bwanji ku Yankees atakwiya chotere?

Atachoka ku Mets anakakhala zaka ziwiri ku Houston Astros, 1994 ndi 1995. Kumapeto kwa 1995 Yankees inalemba Joe Torre kukhala manijala, ndipo a Stottlemyre anavomera kukhala kochi wake wa oponya. Awiriwa anali a msinkhu umodzi komanso a mtima wofanana, onse anasewera zaka zambiri osatenga chikho, ndipo anakhala limodzi pabenchi zaka 10.

Zotsatira zake zili m'mabuku. Mu 1996 anagonjetsa Atlanta Braves atayamba agonja magemu awiri oyamba pakhomo. Mu 1998 anapambana magemu 114 n'kusesa San Diego Padres. Mu 1999 anasesanso Braves. Mu 2000 anagonjetsa Mets, timu yawo yakale. Oponya ake anali Andy Pettitte, David Cone, David Wells, Orlando Hernández wothawa ku Cuba, Roger Clemens, Mariano Rivera, kenako Mike Mussina. Pa 17 Meyi 1998 Wells anaponya gemu imene omenya onse 27 a Minnesota Twins anatuluka motsatizana, wina osafika pa base. Pa 18 Julayi 1999 Cone anachita chimodzimodzi ndi Montreal Expos, ndi mipira 88 yokha. Magemu otere m'mbiri yonse ya ligi yaikulu sanafike 30.

Wina angati timu ya ndalama ngati imeneyi, kochi aliyense akanapambana nayo. Pali choonadi pang'ono pamenepo. Koma anthu amenewa anali osiyana ngati usiku ndi usana. Wells anali wokonda zosangalatsa ndi wosamva, Clemens anali katswiri kale wosafuna kuuzidwa zambiri, Hernández ankalankhula Chisipanishi ndipo ankaponya mwa njira yakeyake, Pettitte ankadziimba mlandu pa kalikonse. Kuwasunga onsewa pamzere umodzi, mwini timu akupumira m'khosi, sinali ntchito yaing'ono.

Pali gemu imene imaonetsa bwino maganizo awo pa ukochi?

Ya pa 2 Sepitembala 1996 ku Oakland. David Cone anali atachitidwa opaleshoni mu Meyi chifukwa mtsempha wa magazi unatupa kukhwapa kwa mkono wake woponyera, ndipo iyi inali gemu yake yoyamba atachira. Anaponya zigawo 7 popanda womenya aliyense kumumenya mpira wabwino. Kunatsala zigawo ziwiri kuti alowe m'mbiri. Torre ndi a Stottlemyre anamuchotsa. Anaona kuti mkono wongochira kumenewo ukufunika mu Okutobala kuposa tsiku limenelo. Patapita masabata 7, Yankees itagonja magemu awiri oyamba a World Series, Cone ndiye anapambana gemu yachitatu ku Atlanta, ndipo kuyambira pamenepo timu sinagonjenso.

Kodi ndiwo anaphunzitsa Mariano Rivera mpira wake wotchuka uja?

Ayi, ndipo nkhani yake ndi yoseketsa. Mu 1997 Rivera, wa ku Panama, akuponyerana ndi mnzake Ramiro Mendoza, anaona kuti mpira wake wayamba kukhotera pambali pamapeto penipeni iye asakufuna. Anadandaula, ndipo iye ndi a Stottlemyre anayesetsa kuti auwongole. Unakana. Kenako anazindikira kuti omenya ukuwathyolera zibonga, n'kuusiya momwemo. Mpira umenewo, cutter, ndi umene Rivera, amene ankalowa kumapeto kuti ateteze chipambano, anatsekera nawo magemu 652, kuposa wina aliyense. Gawo la kochi apa linali kudziwa nthawi yochotsa manja.

Nanga ana awo?

Awiri otsalawo onse anakhala oponya. Mel Jr. anasewera pang'ono ku Kansas City Royals mu 1990, kenako anatsata bambo ake ku ukochi, nakhala kochi wa oponya ku Arizona Diamondbacks, ku Seattle Mariners ndi ku Miami Marlins, kumene Sandy Alcantara anatenga mphoto ya Cy Young mu 2022 ali m'manja mwake. Todd ndiye anapita patali ngati wosewera. Anapambana magemu 138 ndipo anatenga World Series kawiri ndi Toronto Blue Jays, mu 1992 ndi 1993, bambo ake asanatenge ndi Yankees.

Mu 1998 magazi anakumana pabwalo. Gemu yoyamba ya ndime yochotsana, Yankees inasewera ndi Texas Rangers, ndipo woponya wa Texas anali Todd. Bambo anali pabenchi ya mbali inayo akukonzekeretsa David Wells kuti agonjetse mwana wawo. Todd anaponya gemu yonse, analola ma run awiri okha, koma anzake sanagoletse. Yankees inapambana 2-0. Mwanayo anagonja mwa njira yomwe ija bambo ake ankagonjera m'ma 1960.

Anadwala chiyani?

Mu Epulo 2000 analengeza kuti ali ndi multiple myeloma, khansa imene imagwira mafuta a m'mafupa. Anapitiriza ntchito akulandira mankhwala mpaka Sepitembala, pamene anakagonekedwa kuti awaike maselo atsopano. Chitetezo cha m'thupi chinali chitatsika kwambiri moti sakanatha kukhala pagulu, choncho chikho cha 2000 chinatengedwa iwo ali kunja kwa benchi. Anabwerera mu 2001 n'kugwira zaka zina zisanu. Matendawa anadzabwereranso mu 2011.

Anasiyiranji mu 2005?

Anatopa ndi Steinbrenner. Zikho zitasiya kubwera, mwini timuyo anayamba kuloza chala. Yankees inagonja pa World Series mu 2001 ndi Arizona komanso mu 2003 ndi Florida Marlins, ndipo mu 2004 inachita manyazi aakulu pogonja ndi Boston itatsogola magemu atatu kwa ziro. Steinbrenner ankakonda kumva malangizo a anthu ake a ku Tampa kuposa a makochi amene anali ndi timu tsiku ndi tsiku. Mu Okutobala 2005 Yankees itachotsedwa ndi Angels, iye anatulutsa uthenga woyamikira manijala wa Angels, Mike Scioscia. A Stottlemyre anaona kuti kumeneko kunali kunyoza Torre mozembera, ananena poyera, n'kutula pansi udindo. Malo awo anatenga Ron Guidry. Anabwereranso kamodzi kokha, mu 2008, ku Seattle Mariners, koma timu inagonja magemu 101 ndipo ukochi wawo unathera pomwepo.

Kodi ali mu Hall of Fame?

Ayi. Nyumba ya ulemuyo, imene ili ku Cooperstown, imalandira osewera, mamanijala, oimbira ndi akuluakulu oyendetsa masewera, koma ilibe khomo la makochi. Ngati wosewera, magemu 164 ndi ochepa pa muyeso wa kumeneko. Ntchito ziwirizo kuziphatikiza zikanalemera, koma saphatikiza.

Ulemu anaulandira ku Yankee Stadium. Pa 20 Juni 2015, tsiku limene timuyi imaitana osewera ake akale, anabwera akuyenda ndi ndodo, matenda atawafooketsa. Tsikulo linali lolemekeza Willie Randolph, amene anavalanso nambala 30 pambuyo pawo. Iwo sankadziwa kuti akonzeredwanso chikwangwani chawo chachitsulo choti chiikidwe ku Monument Park, malo a m'bwalomo amene amasungirako mayina a akuluakulu a timuyi. Atapatsidwa maikolofoni anauza khamulo kuti ngati sadzabweranso pa tsiku ngati limeneli, adzatenga zikumbutsozi n'kukayambitsa timu ina kumwamba, azikaphunzitsa kumeneko akafunidwa.

Anakhalabe zaka zina zitatu ndi theka. Patangopita masiku 9 chimwalirireni, pa 22 Januwale 2019, Mariano Rivera anasankhidwa kulowa mu Hall of Fame ndi mavoti onse 425, woyamba m'mbiri kusankhidwa popanda wotsutsa, ndipo Mike Mussina analowa tsiku lomwelo.